Thangata la Makolo ndi Thangata la Atsamunda

Adzukulu anga, lero wina akati "pantchito pano ndi pathangata" mumadziwa kuti akukhetsa thukuta popanda cholowa m'thumba. Komatu kalekale mawuwa anali ozuna. Mvula ikakhazikika, udzu n'kuyamba kutsamwitsa mapira, mayi wamasiye kapena nkhalamba imene msana wayamba kukana khasu inkafulula mowa n'kumema mudzi, ndipo anthu ankalawirira mame asanaume, makasu paphewa, n'kupalira mpaka dzuwa paliwombo, kenako n'kukhala pamthunzi, nsima ndi nkhwani wotendera, chipanda chikuzungulira. Kumunda kwa mfumu ankapitanso motero, podziwa kuti nkhokwe yake ndiyo idzadyetse alendo ndi anjala. Kumeneko ndiye kunali kuthangata, paja mutu umodzi susenza denga.

Cha m'ma 1890 atsamunda atatenga malo ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, anatola mawu omwewa n'kuwasenzetsa katundu wina. Aliyense wokhala pa esiteti, makamaka abale athu Alomwe amene anadutsa malire kuchokera ku Mozambique, ankagwira mwezi wolipirira malo ndi mwezi wina wa msonkho, m'minda ya thonje, fodya ndi tiyi, nthawi yadzinja yomweyo pamene munda wake unkafuna khasu. Mwezinso sunkatha ndi kumwamba ayi, unkatha ndi tikiti, ndipo kapitawo akati ndime sinathe, tsikulo silinkalembedwa. Wokana ankamugwetsera nyumba n'kumupirikitsa. Anthu ankaopa mapazi a kapitawo m'bandakucha kuposa fisi.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, nkhanzazi zinafika posauzana, ndipo zinali m'gulu la zimene zinadzutsa John Chilembwe wa ku Mbombwe kuti aukire atsamunda pa 23 Januwale 1915. Iye anaphedwa, koma thangata linapitirira mpaka lamulo la 1962 litalithetsa, ufulu uli pafupi.

Zaka zonsezo zinawawitsa dzinali, moti lero palibe angakondwe mutamuitanira ku thangata. Koma "kuthangata" kokha atsamunda sanakudetse, chifukwa agogo anu, ngakhale pobwera ku esiteti ali wefuwefu, sanaleke kukumbirana manda, kufolererana madenga ndi kubwerekana mbewu. Nanunso, ana anga, mnzanu akakuthangatani muzimuthokoza ndi manja awiri, ndipo amene wakugwirirani ntchito muzimulipira dzuwa lisanalowe.