Seva imaiwala: mawu amene omanga mafomu a pa intaneti amayendera

Munthu akamadzaza fomu pa intaneti amaganiza kuti makina a mbali inayo akumudziwa. Zoona zake n'zakuti seva siikumbuka aliyense. HTTP, dongosolo limene Tim Berners-Lee anayambitsa ku CERN cha m'ma 1990, analikonza moti pempho lililonse liziima palokha: browser yatumiza request, seva yabweza response, basi zathera pomwepo. Ukadinanso batani, umafika ngati mlendo. Akatswiri amati HTTP ndi stateless. Mawu ambiri a ntchito ya mafomu anabwera pofuna kuthana ndi kuiwala kumeneku, ndipo onse amayankha mafunso awiri: zimene munthu walemba zili pati pakali pano, nanga n'zodalirika bwanji?

Tione mmene zimakhalira mu Django, chida cha chilankhulo cha Python chimene Adrian Holovaty ndi Simon Willison anayamba kumanga mu 2003 ali ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, n'kutulutsidwa kwa anthu onse mu 2005.

Fomu imachoka pa browser m'njira ziwiri. GET imaika zolembedwazo pa adiresi ya tsamba, poonekera. Imayenera pofufuza chinthu, chifukwa siisintha kalikonse pa seva. POST imaziika mkati mwa pempho, ndipo ndi ya zinthu zosintha kanthu: kulembetsa dzina, kulipira, kufufuta. Pasiwedi siiyenera kudutsa pa GET, chifukwa adiresi imatsala m'mbiri ya browser ndi m'zolemba za seva. Komabe POST payokha siibisa kanthu panjira; imene imabisa ndi HTTPS.

Fomu yoyamba kuonetsedwa, yopanda kanthu, Django imaitcha unbound. Ikalumikizidwa ndi zimene munthu watumiza imakhala bound. Apa m'pamene pagona luso la ntchitoyi. Zonse zimene watumizazo zimafika mu request.POST zili malemba osayesedwa. Pa zaka munthu akhoza kulemba dzina la mudzi, pa tsiku lobadwa akhoza kuika 31 February. Wina wa zolinga zoipa akhoza kutumiza pempho osatsegula n'komwe tsamba lanu, choncho kuyesa kochitikira pa browser kumangothandiza wodzaza, sikuteteza seva. Wolemba pulogalamu amaitana is_valid(), ndipo Django imayesa gawo lililonse. Zopambana mayeso zimalowa mu cleaned_data zitasinthidwa kale: zaka zili nambala yeniyeni, tsiku lili tsiku lenileni. Zolephera zimalowa mu errors, fomu n'kubwerera kwa mwiniwake ndi zimene analemba zija zikadalimo, kuti akonze polakwika pokhapo. Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi: tengani za mu cleaned_data, osati za mu request.POST.

Nanga fomu ya masamba atatu, za patsamba loyamba zimakhala kuti munthu akafika lachitatu? Izi n'zimene amati state, ndipo malo akuluakulu ozisungira ndi atatu.

Oyamba ndi cookie, kachidutswa ka malemba kamene seva imapatsa browser kuti izikabweza pa pempho lililonse. Lou Montulli wa ku Netscape ndiye anayambitsa njirayi mu 1994. Cookie ndi yaing'ono, pafupifupi 4 KB, ndipo ili m'manja mwa wogwiritsa ntchito, amene angathe kuiwerenga kapena kuisintha.

Achiwiri ndi session. Imagwira ntchito ngati posungitsa njinga pamsika: njinga imatsala kwa mlonda, iwe n'kutenga kachiphaso ka nambala. Django imasunga zinthuzo pa seva, mu tebulo lotchedwa django_session, browser n'kulandira cookie ya sessionid yokha. Mukapanda kusintha, imatha pakadutsa milungu iwiri. Amene watola kachiphasoko ndiye amatenga katundu, n'chifukwa chake munthu wogwiritsa ntchito kompyuta ya anthu ambiri ayenera kutuluka mu akaunti yake asanadzuke pampando.

Achitatu ndi database, kumene zinthu zimakhazikika. Pa ModelForm, fomu yolumikizidwa ndi tebulo la mu database, save() ndi imene imazifikitsa kumeneko. Zosamalizidwa zikhoza kudikira mu session, koma malipiro kapena dzina lolembetsedwa malo ake ndi database.

Cookie inabweretsanso vuto lake. Popeza browser imaitumiza yokha, tsamba lachinyengo likhoza kuipusitsa kuti itumize POST ku seva yanu m'dzina la munthu amene sakudziwa kanthu. Chinyengo chimenechi ndicho CSRF. Mu Django wolemba pulogalamu amaika nambala yachinsinsi, csrf_token, m'fomu, ndipo pempho lofika popanda nambalayo limakanidwa ndi yankho la 403.

Palinso chizolowezi chotchedwa Post/Redirect/Get. Fomu ikasungidwa, seva siionetsa zotsatira pomwepo, koma imatumiza browser ku tsamba lina ndi yankho la 302. Popanda zimenezi, munthu akatsitsimutsa tsamba fomu imapitanso, oda imodzi n'kukhala ziwiri. Koma njirayi siigwira amene wadina batani kawiri netiweki ikuchedwa. Ameneyo amafunika chitetezo china, monga nambala yapadera ya pempho imene database singalandire kawiri.

Wophunzira asaloweze mawuwa ngati mndandanda wa pamayeso. Awaone ngati malo amene zolemba za munthu zimaima pa ulendo wochoka pa foni yake kukafika mu database. Akasamukira ku zida zina monga Laravel kapena Ruby on Rails mayina ena adzasintha, koma malowo adzawapeza omwewo. Ndipo zimene zikuyenda pa ulendowu si malemba wamba: ndi pempho la malo a sukulu, ndalama za lendi, zotsatira za kuchipatala. Mwiniwake sadzaona cleaned_data kapena sessionid. Iye wangokhulupirira kuti amene anamanga fomuyo ankadziwa pamene chilichonse chikusungidwa, ndi amene angachifikire.