Umunthu

Ku Kalingalinga, pafupi ndi Yunivesite ya Zambia, mayi akamadandaula za mnansi amene sanaonekere pamaliro amati, "Uja si munthu." Sakumutcha nyama ayi. Akunena kuti alibe umunthu, sadziwa kuti chisoni cha mnzake n'chakenso.

Mawuwa amalowa m'makalasi awiri. Wophunzira anthropoloji, maphunziro a chikhalidwe cha anthu, amakadzionera yekha: ndani wasonkha ufa, ndani wagona pasiwa, ndani waperekeza maliro kumanda a ku Chingwere. Katswiri wa maphunzirowa, Karen Tranberg Hansen, anayamba kufufuza moyo wa mabanja a ku Mtendere mu 1971 mwa njira yoteroyo, yocheza nawo khomo ndi khomo. Wa filosofi ndiye amavutitsa ndi mafunso. Kodi umunthu timabadwa nawo, kapena amatipatsa ndi anzathu? Ngati amatipatsa, mayi uja ali ndi mphamvu yomulanda mnansi wakeyo? Ine ndimakayika, ngakhale pasiwa sindingayerekeze kunena.

Kenneth Kaunda anayesa kusandutsa umunthu kukhala mfundo ya boma mu 1967, n'kuutcha Humanism. Dzinalo linazilala chipani chake cha UNIP chitagonja mu 1991, koma "si munthu" akadanenabe ku Kanyama ndi ku Matero.