The Artist Is Present

Chionetsero cha luso chimene Marina Abramović, wobadwira ku Belgrade mu 1946, anachita ku Museum of Modern Art mumzinda wa New York kuyambira pa 14 Malichi mpaka pa 31 Meyi 2010. Ankakhala pampando ali duu, ndipo maola onse pamodzi anaposa 700. Aliyense ankaloledwa kukhala moyang'anizana naye, osalankhula, osamukhudza. Ambiri ankangozindikira misozi ikutsika, poti si kawirikawiri munthu kuyang'anidwa m'maso nthawi yaitali chonchi ndi mlendo wosafuna kanthu kwa iye. Atabwera Ulay, bwenzi lake lomwe anasiyana nalo mu 1988, Abramović anaphwanya lamulo lake lomwe, n'kumugwira manja pamwamba pa tebulo lomwe linali pakati pawo, akulira. Marco Anelli anajambula nkhope za anthu amene anakhala moyang'anizana ndi Abramović.