Kuchoka pa filimu kufika pa foni: mbiri ya ojambula nkhani ku Dedza

Wojambula zithunzi za nyuzipepala akatumidwa ku Dedza m'zaka za m'ma 1980 ankanyamuka ndi mafilimu owerengeka m'chikwama, ndipo filimu iliyonse inkalowa zithunzi 36 basi. Batani la kamera ankalidina moumira ngati mayi wothira mchere wopempha kwa aneba. Chomwe wajambula sankachiona tsiku lomwelo. Filimu inkakwera basi kapena galimoto ya boma, kudutsa Ntcheu mpaka ku Blantyre, komwe amisiri ankaitsuka mumdima wandiweyani kenako n'kuviika mapepala a zithunzi m'mabeseni a mankhwala pansi pa getsi lofiira. Nthawi zina yankho lochokera kumeneko linkangokhala lakuti filimu yapsa. Msonkhano unatha dzana, nduna inabwerera kwawo, ndipo panalibenso chochita.

Lero wogwira ntchito yomweyo akafika pa msika wa Bembeke kapena pa chipata cha Dedza amakhala ndi kamera pakhosi, foni m'dzanja ndi kamaikolofoni m'thumba. Mkonzi akufuna chithunzi cha tsamba loyamba la mawa, komanso akufuna kanema wa mphindi imodzi woti aikidwe pa Facebook nkhomaliro isanakwane. Munthu yemwe anaphunzira kudikira kamphindi kamodzi kabwino tsopano akuuzidwa kuti asazimitse makina.

Ntchitoyi ili ndi makolo ake. Zina mwa zithunzi zakale kwambiri za chigawo chino anajambula ndi John Kirk, dotolo yemwe anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 mpaka 1863. Koma kholo lenileni la ojambula a Chimalawi ndi Mungo Murray Chisuse, yemwe anaphunzira ntchito yosindikiza pa mishoni ya Blantyre, anakafika ku Scotland, ndipo pambuyo pake anatsegula malo akeake ojambulira ku Blantyre. Iyeyu ndiye anajambula John Chilembwe ndi banja lake kuukira kwa 1915 kusanachitike. Nyuzipepala nayo inali itayamba kale: Central African Planter inatuluka mu 1895, ndipo ndi iyoyo inasinthasintha maina mpaka kukhala The Daily Times. Malawi News inabadwa mu 1959 m'manja mwa Aleke Banda monga liwu la chipani cha Congress.

Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi yakanema. Zithunzi zoyenda anthu akumudzi ankaziona galimoto ya nthambi yofalitsa nkhani ikabwera madzulo, n'kuimika chinsalu pabwalo la sukulu. Motero ntchito zinali ziwiri zosiyana, wa filimu yoyenda payekha, wa nyuzipepala payekha. Wa nyuzipepalayo ankadziwanso malire ake. Lamulo lofufuza zofalitsa la 1968 linalipo, koma ngakhale popanda lamulo munthu ankadziwa yekha kuti kamera iyenera kuloza kwa Ngwazi akuyendera mbewu ndi kwa mbumba ikuvina. Pa nthawi yomweyo Dedza inkaona zazikulu. Nkhondo ya ku Mozambique itakula cha m'ma 1986, anthu a ku Angonia ankangodumpha malire omwe m'madera ena amayenda mbali ndi mbali ndi msewu wa M1, ndipo podzafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 othawa nkhondo m'Malawi anapitirira miliyoni imodzi. Owerenga nyuzipepala ankatha kuona nkhope ndi mitolo pamutu, koma mawu a anthuwo sankawamva.

Pambali pa ojambula a nyuzipepala panali gulu lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri, la anyamata oyenda panjinga ndi kamera ya Yashica kapena Zenit, ozungulira masiku a msika ku Chimbiya, Linthipe, Lobi ndi Mayani. Munthu unkapereka theka la ndalama, n'kuima pafupi ndi maluwa utagwira wailesi yobwereka, kenako n'kudikira milungu kuti filimu idzaze ndi kukatsukidwa ku Lilongwe. Zithunzi za maukwati, za ubatizo ndi za ana a sukulu zomwe zili m'maalubamu a mabanja ambiri ku Dedza ndi ntchito ya anyamata amenewa, ndipo mwa ine, mbiri ya boma lino yasungika bwino m'maalubamuwo kuposa m'masamba a nyuzipepala za nthawiyo.

Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 zinatsegula chitseko. Nyuzipepala zinaphuka zambirimbiri, zina n'kufa miyezi isanathe, ndipo The Nation, yomwe inayamba mu 1993, inakhazikika. Mwadzidzidzi chithunzi cha mlatho wogumuka kapena cha mzere wa anthu pa Admarc chinakhala nkhani. Television Malawi inayamba kuonetsa mu Epulo 1999, ndipo m'zaka zotsatira makamera a digito analowa m'nyumba zofalitsa nkhani, zipinda zamdima n'kusanduka mosungira katundu. Kusintha kumeneku ojambula anakulandira ndi manja awiri, chifukwa ntchito inali yomwe ija, kungoti tsopano chithunzi unkachiona pompo ndipo unkatha kuchitumiza pa imelo.

Chomwe chinagwedeza ntchito ndi kanema. Mu 2008 kampani ya Canon inatulutsa kamera ya 5D Mark II, yomwe inkajambula zithunzi komanso kanema wooneka bwino ndi galasi lomwelo. Eni nyuzipepala padziko lonse anaona mpata wopulumutsa ndalama: munthu mmodzi, ntchito ziwiri. Mu Meyi 2013 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times ku America inachotsa ntchito ojambula ake onse 28, kuphatikizapo John H. White yemwe anapatapo mphoto ya Pulitzer, n'kuyamba kuphunzitsa atolankhani kujambula ndi iPhone. Kuno kwathu, chaka chomwecho kampani yosindikiza The Daily Times inatsegula Times Television. Zodiak, yomwe inayamba ngati wailesi mu 2005, nayo inadzalowa m'zakanema. Mafoni a intaneti atachuluka, nyumba iliyonse yofalitsa nkhani inakhala ndi tsamba lofuna kanema m'mawa, masana ndi usiku. Namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri kum'mwera mu Malichi 2023, anthu ambiri anayamba kuona matope ndi miyala pa WhatsApp nyuzipepala isanasindikizidwe.

Chovuta kwambiri kwa wojambula wakale si makina ayi, koma khutu. Chithunzi sichisamala kuti pafupi pakulira chigayo. Kanema amasamala. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo mphepo ya mu Juni ndi Julayi ikawomba pa maikolofoni yosavekedwa kansalu kaubweya, mlimi wa mbatatesi amaoneka akuyendetsa milomo pomwe womvera akumva chimkokomo chokha. Nkhungu ya m'mawa imachita thukuta pagalasi, kuzizira kumadya batire msanga. Wojambula amayenera kuphunzira kuima chilili masekondi khumi osagwedeza mkono, kujambula zala zikusankha mbatatesi, sikelo, matumba pa lole, kuti podula kanema pakhale zophimbira pomwe walumikiza mawu. Amayeneranso kufunsa mafunso, ntchito yomwe kale inali ya mtolankhani wa kope ndi cholembera. Akatha zonsezo amasakasaka pomwe netiweki ikugwira, bandulo ili m'manja mwa Mulungu, magetsi atazima.

Palinso kusankha komwe sikuthawika. Mfumu ikamadzoza wolowa ufumu, kamphindi koveka chisoti ndi kamodzi. Ukakhala pa kanema chithunzi chakuphonya, ukadina chithunzi kanema waduka. Ambiri masiku ano amangotapa chithunzi kuchokera mu kanema, ndipo wowerenga watcheru amazindikira: nkhope imakhala yosaoneka bwino, maso ali pakati pa kuphethira.

Ku Dedza nkhaniyi imafika pena pomwe ku Chicago sangapadziwe, pa Gule Wamkulu. Bungwe la UNESCO linalengeza guleyu kukhala chuma cha dziko lonse mu 2005. Chithunzi chimaonetsa Chadzunda kapena Maliya ataima m'fumbi, koma gule ndi ng'oma, nyimbo, kuyankhira kwa amayi ndi mwambo womwe chilombo chabwera kudzaphunzitsa. Pamenepa kanema wachita zomwe nyuzipepala inalephera zaka zonsezi. Ku Mua, kunsi kwa mapiri, komwe ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976 ndipo anatha zaka zambiri akulemba maina a zilombo, nyimbo zake ndi matanthauzo ake. Zigoba mazanamazana zili m'nyumba yosungira zakale ya Chamare ndi umboni wa ntchitoyo, ndipo aliyense wolowamo amaona kuti chigoba chopachikidwa pakhoma, popanda ng'oma, chimangonena theka la nkhani.

Koma kanema yemweyo ndi wosasunga pakamwa. Wojambula zithunzi ankasankha chimodzi, zotsalazo n'kukhala m'kabati. Foni yoyatsidwa pabwalo imatola zonse, za kumbali, za kuseri, ngakhale zomwe eni dambwe salola kuti wosavinidwa aone kapena kumva, ndipo ikakhala laivi palibe mkonzi woti adule. Achewa a kuno akhala akudziwa kuyambira kale kuti chithunzi chili ndi eni ake oyenera kuchiona. M'mapanga a Chongoni, omwe UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala: zofiira za Akafula, ndi zoyera za Achewa zopakidwa ndi chala. Ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta anasonyeza kuti zoyerazo zinkagwirizana ndi Nyau komanso chinamwali, ndipo zina zinajambulidwa pa nthawi yomwe gule ankaponderezedwa ndi Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda. Ku Namzeze ndi ku Mwana wa Chentcherere zithunzizo zinaikidwa kutali ndi njira dala. Wojambula wanzeru akafika pa mwambo amayamba waonekera kwa mfumu, amafunsa poti aime ndi pomwe ayenera kutsitsa kamera. Vuto n'lakuti kumbuyo kwake kuli mafoni ena ambiri omwe sanafunse munthu.

Zomwezi zimachitika pangozi za pamsewu wa M1 kapena pa zikhotakhota za Khwekhwelere potsikira ku Golomoti. Kale mkonzi ankakana chithunzi cha mtembo. Lero banja limatha kumva za imfa ya mwana wawo pa gulu la WhatsApp apolisi asanafike pakhomo, ndipo wojambula wa nyuzipepala, yemwe waphunzitsidwa kubisa nkhope, amaoneka wochedwa.

Ndalama ndiye sizinatsatire ntchito. Mapepala osindikizira nyuzipepala amagulidwa kunja, makamera ndi mabatire chimodzimodzi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera. Ambiri mwa otola nkhani m'maboma si olembedwa ntchito yokhazikika, amalipidwa nkhani ikatuluka, ndipo foni ndi bandulo zimakhala zawozawo. N'chifukwa chake Loweruka ena mwa iwo mumawapeza akujambula ukwati kapena chinkhoswe, komwe mwini mwambo amafuna kanema ndi alubamu pamodzi ndipo amalipira tsiku lomwelo. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zithunzi ndi makanema, bungwe la Cosoma lilipo kuyambira 1992, koma kanema wojambulidwa pa Bembeke m'mawa amapezeka madzulo pa masamba ena atadulidwa pakona pomwe panali dzina la mwini wake. Pofuna kuthana nazo, ojambula ena ayamba kuika dzina pakatikati penipeni pa chithunzi, ngakhale likuphimba chifuwa cha munthu yemwe akulankhula.