Mlendo ndi Mame: Kumene Ankagona a Ulendo wa ku Halale

Akuluakulu akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatanthauza kuti munthu wapaulendo asamanidwe chakudya kapena pogona, popeza mawa lomwe adzakhala atapita, ndipo chotsala ndi mbiri ya mudzi umene unamulandira kapena kumukana. Mwambi umenewu unayesedwa kwambiri m'zaka zimene amuna a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'madera a mafumu Mwambo ndi Kuntumanji m'boma la Zomba, ankayenda pansi kupita ku Halale kukafuna ntchito.

Chimene chinawachotsa pakhomo ndi msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, thangata m'minda ya azungu, ndiponso kuchepa kwa malipiro kuno kumudzi. Komiti ya boma imene inafufuza nkhaniyi mu 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a dziko la Nyasaland anali kunja. Njira yotchuka kwa anthu a kumwera inali yodzera ku Blantyre, Mwanza, Tete, kuwoloka Zambezi, kenako Mutoko mpaka Salisbury. Kuchokera ku Blantyre kokha ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ulendo wa masabata angapo. Ankayenda m'magulu poopa zilombo ndi achifwamba, atasenza kamba wa ufa ndi matemba ouma, kamphika ndi mkeka.

Tsono munthu wopanda khobidi ankagona kuti? Nyumba yake ya alendo inali mudzi. Dzuwa likapendeka, gulu linkapatuka n'kukaodira kwa nyakwawa, chifukwa kugona m'mudzi mwini mudzi osadziwa kunali mlandu. Alendo ankakhazikidwa pabwalo, n'kupatsidwa madzi akumwa, ndipo pambuyo pake ndi pamene ankafunsidwa malonje: kumene achokera, mfunda wawo ndi kumene akupita. Nsima inkachokera m'makomo angapo, ndipo pogona pankapezeka m'mphala, momwe anyamata a m'mudzimo ankagona. Mlendo nayenso anali ndi malamulo ake: sankalowa m'nyumba za eni, sankayendayenda usiku, ndipo m'mawa sankachoka osatsazika. Ngati anali ndi fodya kapena tinsomba, ankasiyako pang'ono, koma sankalipiritsidwa.

Eni mudzi sankachita zimenezi chifukwa cholemera. Ankadziwa kuti kupatsa n'kuika. Mayi amene ankaphikira mwana wa eni analinso ndi wake panjira yomweyo, ndipo ankayembekeza kuti kutsogoloko wina amuchitira chimodzimodzi. Komanso alendo obwerera ndiwo anali makalata: iwo ndiwo ankanena za amene ali moyo, amene anadwala ndi amene anatchona.

Maiko ena anamanga nyumba zapadera za anthu oyenda pansi. Ku Spain, mu 1499, mfumu Ferdinand ndi mfumukazi Isabella analamula kuti ku Santiago de Compostela kumangidwe nyumba yosamalira anthu a paulendo wachipembedzo, ndipo mpaka lero panjira zopita kumeneko pali nyumba zogona zotsika mtengo zotchedwa albergue, zina mwa izo zongolandira chimene mlendo wapereka mwa kufuna kwake. Kuno ntchito yotereyi inkagwiridwa ndi mphala ndi mitondo ya amayi, popanda chikwangwani.

Nyumba zomangidwa ndi boma zinabwera pambuyo pake, ndipo cholinga chake chinali china. Pofuna antchito ambiri m'mafamu ndi m'migodi, boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa misasa yogonamo ndi malo ogawirako chakudya m'njira zolowera m'dzikolo. Pambuyo pa pangano la mu 1936 pakati pa Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, kunayambanso kuyenda malole onyamula anthu osalipira, amene ankadziwika ndi dzina loti Ulere. Nkosakayikitsa kuti misasayi inapulumutsa anthu ambiri ku njala ndi ku zilombo. Komabe ulere umenewu unali ngati nyambo ya pambedza: phala la pamsasa linkabwezedwa ndi thukuta m'minda ya fodya. Bungwe la Wenela, lolemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa, nalonso linali ndi malo ake ogoneka anthu, ndipo dzina lake lidakalipo pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Mu 1974, ndege yake itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Malawi linaimitsa ntchito yolemba anthuyo.

Masiku ano wopita ku Harare kapena ku Joni amakwera basi, ndipo wofika ku Kachulu usiku amafunsa kaye mtengo wa chipinda. Mphala zikutha m'midzi yambiri, ndipo mlendo wosadziwika amayamba wakayikiridwa asanapatsidwe madzi. Kusamala kotere kuli ndi zifukwa zake, pakuti akuba nawonso amadziwa kuodira. Koma njira yakale ija inali ndi chitetezo chake: mlendo ankaonekera kwa nyakwawa, ankatchula kwawo, ndipo mudzi wonse unkadziwa amene wagona m'mphala. Achinyamata a m'mbali mwa Chilwa ayenera kudziwa kuti agogo awo ambiri anafika ku Halale amoyo chifukwa cha nsima ya anthu amene sanawaonenso.