Kuchoka pa mbaula kufika pa foni: mbiri ya moto m'nyumba za mu Lusaka

June akalowa, Lusaka imazizira zenizeni. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Koma nyumba zathu sizinamangidwe ndi mapaipi otenthetsa zipinda monga za ku London. Kumeneko boila imodzi imatenthetsa madzi, madziwo amazungulira nyumba yonse, ndipo kachipangizo ka pakhoma kotchedwa thermostat ndiko kamayatsa ndi kuzimitsa. Warren Johnson wa ku America analembetsa thermostat yamagetsi mu 1883. Mu 2011 kampani ya Nest inatulutsa ina yolumikizidwa ku intaneti, yophunzira yokha nthawi imene eni nyumba amadzuka ndi kugona, ndipo Google inagula kampaniyo mu 2014 pa madola 3.2 biliyoni. Masiku ano anyamata amaona zinthu zimenezi pa YouTube, kenaka n'kuyamba kufunsa m'mashopu a zamagetsi ozungulira City Market ngati pali kaswichi kolamulira giza ndi foni. Kuti tidziwe ngati kaswichiko kangatithandize, tiyambe taona kumene moto wa m'nyumba zathu wachokera.

Lusaka inakhala likulu mu 1935, ndipo inamangidwa mogawa anthu. Azungu anali kumayadi, madera amene pambuyo pake anafalikira ku Woodlands ndi Kabulonga. Nyumba zambiri zakale kumeneko zinali ndi chumuni pabalaza, ndipo madzi osamba ankatenthetsedwa mu dilamu loikidwa pa ng'anjo ya nkhuni kuseri kwa nyumba. Amene ankadzuka m'bandakucha kukasonkha motowo sanali mwini nyumba ayi, anali wanchito. Wanchitoyo kwawo kunali ku malo ngati Kabwata, m'tinyumba tozungulira taudzu ta chipinda chimodzi, timene tina mwa ito tikadalipo ku Kabwata Cultural Village. Mmenemo zonse zinali pa moto umodzi: kuphika, kuotha, kutenthetsa madzi. Wolamulira kutentha anali mayi wa pakhomo, amene ankadziwa malasha angati oti aike pa mbaula ndi nthawi yoitulutsira panja anthu asanagone. Nzeru yomalizayi si yachikale. Mbaula yotsekeredwa m'chipinda imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, ndipo imaphabe anthu m'nyengo yozizira mpaka lero.

Ufulu utabwera mu 1964, malaiti anayamba kufalikira. ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970, Kafue Gorge inayamba kupanga magetsi kuchiyambi kwa zaka zimenezo, ndipo Kariba North Bank inatsatira chakumapeto kwake. Magetsi anali ochuluka mpaka kugulitsa kunja, mtengo wake uli wotsika. Nyumba za kanselo ndi za boma ku Chelstone, ku Woodlands ndi m'mafulati a Kabwata zinazolowera sitovu yamagetsi, ndipo mmene munali giza, inkayaka usana ndi usiku. Ndani akanavutika kuizimitsa? Wowerenga mita ankabwera, bilu inkafika mochedwa, nthawi zina yongoyerekezera, ndipo mkangano unali wa pambuyo. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za kanselo kwa amene ankakhalamo. Anthu anasangalala kukhala eni nyumba, koma analandiranso mawaya akale ndi magiza akale, opanda wina wowakonzera.

Kusintha kwakukulu, m'kuona kwanga, kunabwera ndi mita yolipiriratu. Njira ya tokeni ya manambala 20 inapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo ZESCO inaifalitsa mu Lusaka m'zaka za m'ma 2000. Kabokosi kameneka kanasintha khalidwe la m'nyumba kuposa chilengezo chilichonse cha pa wailesi. Kwa nthawi yoyamba banja linkaona ndi maso mayunitsi akutsika. Ana anaphunzira kuti kutenthetsa giza ya malita 150 kuchoka pa madzi ozizira kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndi kuti hita ya mawati 2,000 imameza mayunitsi awiri pa ola limodzi. Mawu akuti "mwazimya giza?" analowa m'nyumba iliyonse. Mobile money itafika, mzera wa kogula mayunitsi unachepa, ndipo mwana amene ali ku Kitwe anayamba kugulira makolo ake malaiti ali pa bedi. Foni inalowa mu nkhani ya moto wa m'nyumba kudzera pa khomo limeneli, osati kudzera mwa Nest.

Mita ija ilinso ndi kalendala yake mkati. Tokeni iliyonse imanyamula nambala yowerenga maminiti kuyambira pa 1 January 1993, ndipo malo osungira nambalayo anadzaza pa 24 November 2024. N'chifukwa chake chaka chimenecho anthu anapatsidwa matokeni apadera oti alowetse asanaike mayunitsi atsopano. Agogo ambiri anaitana adzukulu kuti adzawabayire manambala.

Manje tifike pa kaswichi ka foni kaja. Kamagwira nchito, sindikana. Kamaikidwa pa waya wopita ku giza, kamalumikizana ndi Wi-Fi, ndipo ukhoza kukauza kuti kayatse 04:00 n'kuzimitsa 06:00, kapena kuzimitsa uli mu basi pa Lumumba Road utakumbukira kuti unasiya giza ikuyaka. Pa nyumba ya anthu ochepa, osamba m'mawa okha, mayunitsi amapulumuka ndithu. Chenjezo n'lakuti giza ya mawati 3,000 imakoka maampu pafupifupi 13, choncho kapulagi kotchipa ka maampu 10 kadzasungunuka. Pafunika swichi yolingana ndi mphamvuyo, yoikidwa ndi wamagetsi wodziwa nchito, osati mnzako amene anakonzapo aironi kamodzi.

Vuto lenileni lili kutali ndi nyumba. Thermostat ya ku London imayankha funso lakuti mwini nyumba akufuna kutentha nthawi yanji, chifukwa mphamvu ilipo nthawi zonse. Kuno funso ndi lina: malaiti abwera nthawi yanji? Mu 2015 madzi atachepa ku Kariba tinkakhala maola 8 patsiku mumdima. Mu 2019 zinabwereranso, moposa. Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750 inatsegulidwa mu 2023, anthu n'kuganiza kuti zatha, koma pa 29 February 2024 a Hakainde Hichilema analengeza chilala kukhala ngozi ya dziko lonse, ndipo pofika September madera ambiri ankaona malaiti maola atatu okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. M'masiku amenewo swichi yokonzedwa kuyatsa 04:00 inkayatsa mphepo. Wi-Fi nayo inali itazima limodzi ndi giza. Amene anapindula ndi amene anasiya giza yoyatsa kuti igwire malaiti nthawi iliyonse imene angafikire, ndiye kuti kubwerera ku khalidwe lija la m'ma 1970, koma pa chifukwa chosiyana.

Ku Kabulonga ambiri anayankha ndi masola padenga, mabatire ndi inverter imene foni imaonetsa mphamvu yotsala, ndipo ena anaika giza yotenthetsedwa ndi dzuwa. Ku Kabwata ndi ku Chelstone anthu anagula kasilinda ka gasi ngati thumba linalola. Otsala anatulutsa mbaula kuseri kwa chitseko, ndipo mtengo wa thumba la malasha unakwera, malole ake akulowa mumzinda kuchokera njira ya Mumbwa ndi ya Chongwe.