Kujambula mitsempha ya magazi m'diso

Kujambula mitsempha ya magazi m'diso ndi njira yomwe madokotala amaonera mmene magazi akuyendera pa retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Diso ndi limodzi mwa malo ochepa m'thupi momwe timitsempha ting'onoting'ono timaoneka popanda kung'amba khungu.

Njira zake

Njira yakale inafalitsidwa mu 1961 ndi Harold Novotny ndi David Alvis a ku America. Wodwala amabayidwa utoto wa fluorescein pamkono, ndipo kamera imajambula utotowo ukamadutsa m'diso. Pomwe magazi sakufika pamaoneka mdima. Njira yatsopano, OCT angiography, sifuna jakisoni. Makina amajambula malo amodzimodzi kangapo m'kanthawi kochepa, ndipo kompyuta imazindikira kuti chomwe chasuntha ndi magazi. Njirayi inachokera ku OCT, luso lomwe David Huang, James Fujimoto ndi anzawo anatulukira mu 1991.

Pa matenda a glaucoma

Glaucoma imawononga mtsempha wolumikiza diso ndi ubongo, kawirikawiri chifukwa madzi a m'diso achuluka mphamvu kupitirira mlingo woyenera wa 10 mpaka 21 mmHg. Siyofanana ndi ng'ala. Ng'ala akaichotsa munthu amaonanso, koma chomwe glaucoma yadya sichibwerera. Mtundu wofala kwambiri supweteka. Umayamba kudya m'mbali, munthu n'kumawombana ndi mphuthu za chitseko asanadziwe kuti akudwala. Anthu akuda amaudwala kwambiri ndiponso adakali aang'ono kusiyana ndi azungu.

Ena amadwala ngakhale mphamvu ya madzi ili bwinobwino, n'chifukwa chake kuyeza kumodzi sikukwanira. Mu 2014 Yali Jia ndi anzake ku Oregon anaonetsa ndi OCT angiography kuti magazi amayenda mochepa pamutu pa mtsempha wolumikiza diso ndi ubongo mwa odwala glaucoma. Chithunzi chotere chimawonjezera umboni pa kuyeza mphamvu ya madzi, kuunika mtsempha ndi kuyesa kuona kwa m'mbali.

Ku Blantyre

Kuunika mitsempha ya magazi m'diso kunatchuka ku Blantyre chifukwa cha malungo a mu ubongo. Mu 1993 Susan Lewallen anafotokoza zizindikiro za m'maso mwa ana okomoka ndi malungo pa chipatala cha Queen Elizabeth Central: madontho a magazi ndi zigamba zoyera pa retina. Mu 2009 Nicholas Beare ndi anzake, pogwiritsa ntchito fluorescein, anaonetsa timitsempha totsekeka m'maso mwa ana ambiri otere, chithunzithunzi cha zomwe zimachitikanso mu ubongo.

Pa chipatala chomwecho, chimene anthu amati ku Gulupu, pali chipatala cha maso cha Lions Sight First, komwe odwala ochokera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa amatumizidwa. Wopezeka ndi glaucoma amapatsidwa mankhwala odontheza monga timolol kapena kuchitidwa opaleshoni, pofuna kusunga kuona komwe kwatsala. Amene wadutsa zaka 40, makamaka ngati m'banja mwake muli matendawa, amalangizidwa kukayezetsa maso asanamve vuto.